M'mera mpoyamba? Kafunseni mbuzi

Makolo athu anatinamiza pang'ono, ndipo umboni wake uli kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga, kufupi ndi doko la Kachulu, m'mabeseni obooka. Ankati m'mera mpoyamba. Aphunzitsi anatikwapula nawo mwambiwu, abusa akulalikirabe nawo, alangizi a zaulimi nawonso satseka msonkhano asanautchule. Koma chaka chino mwana wa mlongo wangayo wabwerako ku Joni, kumene ankagwira ntchito ya m'galadeni, ndipo wabwera ndi nzeru yakuti mtengo umene unayamba moyo moipa ndiwo uli ndi ndalama.

Nzeruyo amaitcha bonsai. Ndi luso la ku Japan, kumene nawonso anaonera kwa Matchaina, losunga mtengo weniweni m'kambale kuti ukalambe koma usakule. Bwana wake ku Johannesburg anali nayo yambirimbiri, ndipo ankaisamala kuposa agalu ake, chimene kwa azungu a kumeneko si nkhani yamasewera. Ku Washington kuli mtengo wa paini umene unayamba kuleredwa chonchi mu 1625. Unali wa banja la Yamaki, unapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo Masaru Yamaki anaupereka kwa Amereka mu 1976. Zaka 400, koma sunamupose munthu msinkhu. Ukanakhala kuno bwenzi wina ataupima kale ndi maso n'kudandaula kuti sungatuluke ngakhale nkhafi.

Tsono akatswiri a lusoli alibe nazo ntchito mbande zowongoka za ku nazale. Amafuna chitsa chopindika, chonenepa m'munsi, cha zipsera, chooneka kuti chinaona mavuto. Ku Japan anthu ankakwera mapiri n'kumalendewera m'matanthwe kusaka mitengo yotere, imene mphepo ndi chisanu zinaizunza kwa zaka zambiri. Kuno ku Chilwa sitisowa kukwera phiri. Tili ndi mbuzi. Tilinso ndi nkhwangwa za owamba matemba ndi milamba, zimene zimadula mtengo, ukaphuka n'kuudulanso, ukaphukanso mbuzi n'kumalizitsa. Ntchito imene mzungu amaigwira ndi sizasi kwa zaka makumi awiri, kwathu kuno yakhala ikugwiridwa ulere.

Ndinamuperekeza m'mbali mwa mtsinje wa Likangala kuti ndione ndekha. Mnyamata amene kale ankayenda maso ali pa foni, tsopano amayenda maso ali pansi. Mwadzidzidzi anandigwira mkono.

"Amalume, musaponde. Ichi ndi chuma."

Chumacho chinali chitsa cha kachere chofika m'bondo, khungwa lake lokhakhala, mbali imodzi yakuda ndi moto wolusa, pamwamba timasamba tochepa tolumidwalumidwa. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, kunsi kunaoneka kobiriwira: chili moyo. Anathothola tsamba, panatuluka utomoni woyera. Akuti ukaona utomoni wotere wadziwa kuti ndi mbale wake wa mkuyu, ndipo mitengo ya banja limenelo ndi yokhululuka, ukaidula mizu imamera ina. Mthethe amauzindikira ndi minga, ndipo amaukonda chifukwa ku South Africa kuli kaumbidwe ka bonsai kotchedwa Pierneef, dzina la wojambula zithunzi wa kumeneko amene ankakonda kujambula mitengo yaphwatalala pamwamba. Ife mthethe timaudziwa chifukwa choboola matayala a njinga. Msangu amaulambalala, poti muzu wake umalowa pansi kwambiri, ukaudula wapha mtengo. Chimene chinandichititsa manyazi m'malo mwa mudzi wonse ndi mlambe. Ukakhala waung'ono masamba ake sakhala ogawikana ngati a mlambe waukulu, limakhala tsamba limodzilimodzi, ndiye ambiri timaulimira limodzi ndi udzu osadziwa kuti tapha gogo wa zaka mazanamazana asanayambe n'kukwawa komwe.

Kukumba kwake ndiye musanene. Nthawi yabwino akuti ndi pamene mtengo uli pafupi kuphukira, mvula isanagwe. Aliyense amene anakumbapo makande a ku Chilwa mu Okutobala akudziwa kuti piki imabwerera m'manja. Amayamba ngalande kuzungulira chitsa, patali ndithu, n'kumafukula dothi ndi zala kuti asadule timizu ting'onoting'ono, poti ndi timene timamwa madzi. Muzu waukulu amaudula komaliza ndi chikwanje chakuthwa, n'kukulunga zonsezo m'thumba lonyowa. Kunyumba amachiika mumchenga wa mumtsinje, pamthunzi, osathira feteleza, osachigwiragwira kwa chaka kapena ziwiri. Madzi a pamjigo wa pafupi ndi nyanja akuti ali ndi mchere, ndiye amapalasa njinga kukatunga kumtunda. Mayi ake anangopukusa mutu: "Chibadwire sunanditungirepo madzi akumwa, lero ukutungira chitsa."

Chikatsitsimuka m'pamene nkhanza zenizeni zimayamba. Mizu ikadzaza mbale amaizula, kuidula, n'kuibwezera momwemo. Nthambi ikafuna kutalika amaitsina nsonga. Chakudya amachipatsa chongokwanira kuti chisafe, koma chisaganize zokula. Ine amene ndinadya malipiro a boma kwa zaka zambiri, ndinachiyang'ana chitsacho n'kumva ngati ndakumana ndi mnzanga wa ku ofesi.

Apa m'pamene makolo anandibwezera. Kuti nthambi ipindike mmene iye akufunira, amaikulunga waya wa kopa, amene anasomola m'mota yakupsa ya chigayo, n'kuikhotetsa pang'onopang'ono ndi zala zazikulu. Yaing'ono imamvera. Patapita miyezi amachotsa waya, nthambi n'kukhala yokhota mpaka kalekale. Yokhwima anayesa, inangoti thyo. Ndiye mwambi uja sunaname kwenikweni. Makolo anangotibisira theka lake: wofuna kukhotetsa naye amayambira poyamba pomwepo, ndipo amalimbikira kuposa wowongola. Taonani amene amafika m'mudzi ndi tindalama ta 50 kwacha kuti ana aziimba nyimbo za chipani. Sataya nthawi ndi nkhalamba.

Koma ndili ndi dandaulo, ndipo apa sindikuseka. Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira zimene Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe yaibweretsera. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atakhala pamatope ong'ambikang'ambika, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi. Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma ulemu umenewo sunaletse mitsinje kubweretsa dothi la m'minda ndi m'mapiri ometedwa mpala. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timabzala mitengo, akuluakulu atavala magambuti atsopano, makamera ali tcheru. Pofika Ogasiti pitani mukawerenge imene yatsala. Chitsa chonyozeka chija chili ndi chimene mbande ya m'chubu ilibe: mizu imene inafika kale pamadzi. Ku Niger m'zaka za m'ma 1980 Tony Rinaudo ndi alimi a kumeneko anaona kuti ukangosiya mphukira imodzi kapena ziwiri pachitsa, n'kuziteteza ku ziweto, mtengo umabwerera msanga kuposa wobzala. Minda yambiri ya kumeneko inabiriwiranso motero. Alangizi athu nawonso masiku ano akuphunzitsa zosamalira mitengo yophukira yokha. Ndiye chitsa chilichonse chimene chalowa m'beseni ndi mthunzi umene wachoka m'mbali mwa mtsinje.

Ndinamuuza zimenezi. Ndinamukumbutsanso kuti kuli lamulo la za nkhalango la 1997, kuti m'nkhalango ya boma ya phiri la Zomba sakumbamo chisawawa, ndipo ngakhale m'mudzi muno mtengo uli ndi eni ake, ayambe wagwada kwa amfumu. Akumbe zitsa zimene zikuchotsedwa kale pomanga nyumba kapena pokuza msewu. Kachere ndiye safuna n'kukumba komwe, ukazika nthambi yake imagwira.

"Amalume, imeneyo ndi ya zaka khumi," anatero. Munthu wolemekeza paini wa zaka 400.

Msika nawo sunaoneke. Iye akuti ku Joni chitsa chonga cha kachere chija chikhoza kugula njinga yamoto, ndipo akudikira azungu a m'malo ogona alendo mu mzinda wa Zomba. Pa Kachulu aliyense wobwera kudzaona amafunsa funso limodzi: "Amabala chiyani?" Akamva kuti sabala, amafunsa ngati ndi mankhwala. Akamva kuti si mankhwala, amamuyang'ana mnyamatayo mwachifundo n'kufunsa mayi ake chapansipansi ngati ku Joni anabwerako bwinobwino. Mayi wina wogulitsa matemba anapereka mtengo wa beseni lokha, poti chitsacho akuti sichingapsetse ngakhale tiyi.

Mbiri ya njinga yamoto ija ndiyo inayenda msanga kuposa mitengoyo, mpaka inafika kwa bambo wina wa kutsidya kwa msewu, mwini khola lalikulu la mbuzi. Anabwera m'mawa atavala jekete, anaunguza mabeseni onse limodzilimodzi, n'kuloza kachere uja. Akuti amauzindikira. Mbuzi zake ndizo zakhala zikuudya chiyambire nthawi ya Bingu, ndipo ngati kupindika kwake ndiko kukugulitsa, mmisiri wake ndi mbuzi, mnyamatayu ndi wonyamula chabe. Akufuna theka. Mlongo wanga wayankha kuti ngati ndi choncho, mbuzi zomwezo zilipire kaye chinangwa chake cha chaka chatha. Nkhaniyi ili kwa amfumu, ikambidwa Loweruka, ndipo ine andiitana ngati mboni ya mbali zonse ziwiri.