Poizoni nayenso amadziwa kumanga mtolo

Akuluakulu ponena kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ankaganiza za mayi wotola nkhuni. Lero mwambiwu unalembedwa ganyu ku banki m'khonde, komwe amautchula mlungu uliwonse, ngakhale mamembala ena amasowa ndi ngongole mtolowo usanamangidwe. Membala amene sanaphonyepo kusonkha ndi poizoni.

Umboni wake uli ku Clear Lake, nyanja ya ku California. Kumeneko kunkabuka timbenembene touluka, abale enieni a nkhungu za pa nyanja ya Malawi. Anthu a ku Nkhata Bay akadangotulutsa madengu, ndiwo n'kupezeka. Koma Aamereka anati tikuthawitsa alendo, ndipo mu 1949 anathira m'nyanjamo mankhwala ophera tizilombo a DDD, mphwake wa DDT. Anathiranso mu 1954.

Pa pepala, mankhwalawo anali ochepa moseketsa: 0.02 ppm. Ophunzira kemisitiri amayasamula akamva ppm, chonsecho n'nkhani ya pamsika. Ppm imodzi ndi galamu imodzi m'matumba 20 a chimanga, a makilogalamu 50. Ndiye kuti 0.02 ppm ndi galamu imodzi m'matumba 1,000. Ngakhale nankafumbwe akadaseka.

Chomwe chinaiwalika ndi phunziro la kusungunuka. Molekyu ya madzi ili ngati batire, mbali ina pozitivu, ina negativu, n'chifukwa chake imakoka mchere n'kuusungunula. DDD, yemwe ndi kaboni, haidrojeni ndi klorini, madzi alibe pomugwira. Iye kwawo n'kumafuta. Impso zimatulutsa zosungunuka m'madzi. Zokhala m'mafuta zimayala mphasa. Komanso pomwe kaboni wagwirana ndi klorini, mabakiteriya amalephera kumasula msanga, kotero mlendoyu satsanzika.

Kusonkha kunayambika. Tizamoyo tosaoneka ndi maso ta m'madzi tinasunga pafupifupi 5 ppm. Nsomba zing'onozing'ono zinadya tizamoyoto miyandamiyanda, chakudya n'kugayika, DDD n'kutsala. Nsomba zazikulu zinadya zazing'ono pamodzi ndi mabuku awo a ndalama. Msungichuma womaliza anali mbalame yodumphira m'madzi yotchedwa western grebe. Kumapeto kwa 1954 mbalame pafupifupi 100 zinapezeka zitafa, ndipo ofufuza atayeza mafuta a zomwe zinafa pambuyo pake anapeza mpaka 1,600 ppm. Uku n'kuchulukitsa ka 80,000, chiwongoladzanja choti ngakhale wakatapila angachite nacho manyazi.

Wina akadayesa kuti maliro a mbalamewo anali okwanira. Ayi ndithu, mu 1957 anathiranso kachitatu, mbalame zina n'kufanso. Timbenembene tija, tomwe tinali eni mlandu, tinayamba kuzolowera mankhwalawo.

Rachel Carson anaika nkhaniyi m'buku lake la Silent Spring mu 1962, ndipo America inaletsa DDT pa ulimi mu 1972. Pangano la ku Stockholm la 2001 limalola DDT polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda, monga udzudzu wa malungo.