Mendulo ya ife a m'buku la ngongole

Ku France kuli anthu amene amawononga ndalama zenizeni kugula mamendulo oti sungagulire ngakhale mulu wa tomato. Ena mwa mamendulowo amalemekeza mabwalo oweruza milandu ya amalonda, ndipo amadindidwa nkhope za akuluakulu akale monga Michel de l'Hospital, amene anatsegulira njira bwalo lotere ku Paris mu 1563, kapena Colbert, mwini lamulo la zamalonda la 1673. Ine ndikuti ife a ku Kadoma ndi Chegutu, kuno ku Zimbabwe, ndiye tikufunika mendulo kuposa Afalansawo. Ndikuyankhula ngati katswiri, chifukwa mabuku a ngongole a ku Rimuka, ku Kadoma, amalidziwa dzina langa kuposa mmene abusa amalidziwira.

Ubwino wa mendulo ndi woti sinama, pakuti silonjeza kugula kanthu. Ndalama zathu ndiye zakhala zikutilonjeza. Mu 2009 tinagwira pepala la madola 100 thiriliyoni, maziro 14 atandanda bwinobwino, koma buledi ankatiyang'ana n'kuseka. Atabwera madola a ku America, chenje chinkabwera cha maswiti, ndipo bambo wa ana asanu ankatuluka m'sitolo akumung'unya chuma chake. Kenako ma bond coin mu 2014, ma bond note mu 2016, ZiG mu 2024. Chopweteka n'chakuti pepala la mathiriliyoni lija linayamba kukhala ndi mtengo litasiya kukhala ndalama: alendo amaligula ku Victoria Falls ndi madola enieni. Ife anzeru tinakolezera moto. Ndiye bwanji osangoyambira pamapeto, n'kusula chinthu chomwe chibadwire sichigula kanthu?

Wina anena kuti Reserve Bank inatulutsa kale khobidi la golide la Mosi-oa-Tunya mu 2022. Zoona, koma linayambira pa madola oposa 1,800, ndiye ambirife tinalionera m'nyuzipepala, nayonso yobwereka. Golide tili naye pansi pa mapazi pomwepa. Agogo athu ochokera ku Nyasaland anathera misana m'migodi ngati Cam and Motor ndi Dalny, ndipo makorokoza, okumba golide pawokha, akadali kupeta dothi lomwelo. Komatu golideyo amadziwa msewu wa ku Harare kuposa njira ya kunyumba kwanga. Mendulo yathu ikhale ya mkuwa basi. Ndipo Mfalansa asatinyoze, ifenso Eiffel tili nayo, kungoti yathu ya Eiffel Flats inasankha kugona chogona.

Winanso afunsa kuti bwalo loti tililemekeze lili kuti, popeza khoti la milandu ya zamalonda linatsegulidwa ku Harare mu 2022 ndipo kumeneko sapita munthu wa ngongole ya sopo. Yankho lili pa kagolosale kalikonse ka ku Pfupajena, ku Chegutu. Ku France oweruza a mabwalo amenewa ndi amalonda osankhidwa ndi amalonda anzawo, ndipo salandira malipiro. Kwathunso n'chimodzimodzi, kungoti woweruza, wodandaula ndi mboni ndi mayi mmodzi yemweyo, atakhala kuseri kwa mawaya ndi kope la mwana wa sukulu lothimbirira mafuta ophikira, cholembera chomangidwa ku chingwe. Mlandu suchedwa. Amangotsegula tsamba, n'kuloza ndi chala, anthu a pamzere n'kukhala chete. Chilango chake ndi kuzungulira njira yaitali popita kokwerera basi mpaka mwezi utatha. Mukati kumeneko n'kukondera, sindikana, koma apilo ilipo: umapita kukakongola ku kagolosale kena.

Pa mendulo yathuyo, nkhope ya mtsogoleri ndiye ayi. Mayina a akuluakulu sakhalitsa kuno. Chegutu inali Hartley, dzina la mlenje Henry Hartley, mpaka 1982, chaka chomwe Gatooma inasanduka Kadoma. Mkuwa sufufutika msanga ngati chikwangwani cha pamsewu. Mbali imodzi padindidwe kope lija, mbali inayo munthu wovala chipewa chotsitsira kumaso akudutsa mothamanga, ndipo ine ndadzipereka kukaimira wosulayo kwaulere. Ikatuluka ndidzakhala woyamba kutenga ziwiri, mayi aja akangovomera kulemba kuti ndidzalipira pakutha pa mwezi.