Chitamando cha Mkulu Wopinda Manja

Popeza mwambo wa makolo sulola kuti munthu wamkulu akalambe pakati pathu popanda womuombera m'manja, ndipo popeza alembi a mbiri ya dziko lino adatha inki yawo yonse polemba za anthu amene adamangidwa, kukwapulidwa ndi kuphedwa pofuna kuti munthu aliyense ayesedwe munthu, kwandikomera ine kuimirira pabwalo ndi kunenerera mkulu mmodzi amene onsewo adamuiwala. Mkuluyu ndiye uja wopinda manja, mwini khonde, amene sadasenzepo mtolo koma adziwa kasenzedwe ka mitolo yonse, amene sadalakwepo chibadwire chifukwa kulakwa kumagwera okhawo ogwira ntchito. Kuno ku Ligowe tili naye, monganso ali naye a ku Zalewa, a ku Lisungwi ndi a m'mizinda ikuluikulu, pakuti mbumba yake idabalalika dziko lonse.

Wofuna kuona ukulu wake adze m'nyengo ya dzinja, pamene lole yodzaza matumba a mbatatesi yochokera kumapiri yatitimira m'matope. Anyamata amavula nsapato, napinda mabuluku, nadula nthambi. Ena amatuta miyala naiponya pansi pa matayala. Amayi amatula madengu awo pambali nayamba kukankha nawo, matope akuwathovukira kumaso. Mkulu wathu ali pakhonde la golosale, dzanja lina lili pa bawo, lina likuloza. "Mwalakwitsa pamenepo! Mwala uja mukadaika kutsogolo. Ana a masiku ano nzeru mulibe." Lole ikatuluka, iye amati, "Si ndinanena ine?" Ikakanika kutuluka, amatinso, "Si ndinanena ine?" Ndani wina mwa anzeru a dziko lapansi adapeza mawu amodzi okwanira nyengo zonse? Ndipo pamene okankha aja akubwerera kwawo osazindikirika nkhope, malaya ake oyera alibe ngakhale dontho limodzi.

Asayese munthu kuti mkuluyu ndi wa banja lachabe. Makolo ake adalembedwa m'Buku Lopatulika. Iwo ndiwo adadandaulira Mose m'chipululu, nakumbukira miphika ya nyama ya m'dziko laukapolo. Iwo ndiwo azondi khumi aja amene adaona zimphona pamene Yoswa ndi Kalebe adaona dziko lokoma. Ndipo Sanibalati ndi Tobiya, amene adaseka Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu osanyamulako njerwa ndi imodzi yomwe, ndiwo malume ake enieni. Ufumu wotere suchita kugula, umachita kulowa.

Ulemerero wake woyamba ndi muyeso wake wosakondera. Kumbukirani masiku a thangata, pamene munthu ankalima munda wa mzungu kuti aloledwe kugona pa nthaka ya dziko lake lomwe, pamene wovala chipewa ankachivula akakumana ndi mzungu panjira, ndipo msonkho wa nyumba unkathamangitsa amuna m'midzi. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafa pa nkhondo imene sadziwa mutu wake. Ndipo pa 23 Januwale 1915 iye ndi anthu ake adaukira. Asanathe masabata awiri mbusayo adawomberedwa, tchalitchi chake chidagumulidwa, ndipo otsatira ake ambiri adaphedwa. Mkulu wathu, ataunguza nkhaniyo mofatsa, adagamula kuti Chilembwe adapupuluma, akadayamba walemba makalata ena. Koma pamene James Sangala, Levi Mumba ndi anzawo adakhazikitsa Nyasaland African Congress mu 1944, nayamba kumenya nkhondo ya makalata ndi misonkhano, mkulu yemweyo adagamula kuti amenewa ndi amantha, pakuti ufulu subwera ndi pensulo. Wotenga mkondo wafulumira, wotenga cholembera wachedwa. Ndipo mwa ichi tiona kulungama kwa sikelo yake, popeza aliyense woikidwapo amapezeka woperewera.

Chomwechonso pa nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953, Inkosi Gomani II ya kwa anansi athu a ku Ntcheu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma posonyeza kukana chitaganyacho, idachotsedwa pampando, ndipo chaka chotsatira idatisiya. Mkulu wathu adapukusa mutu nati mfumu yanzeru siiponya mwala kupolisi. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe mbandakucha. Anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, ena ku Kanjedza, ena kutali ku Gwelo ndi ku Khami. Ku Nkhata Bay anthu amene adasonkhana padoko, pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, adawomberedwa. Ndipo bungwe la woweruza Devlin lidawerenga anthu 51 ophedwa m'masiku amenewo. Mayi Rose Chibambo adalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda kumanja. Pa izi zonse mkulu wathu adapeza cholakwa chimodzi chachikulu, ndicho chakuti mayi wa mwana wakhanda alibe malo m'ndale, akadakhala pakhomo n'kumalera.

Ulemerero wake wachiwiri ndi moyo wautali, pakuti mwambi uja wakuti sunga khosi mkanda uoneke palibe adausunga ngati iye. Apa ndiyenera kupatula mbuzi ndi nkhosa, kuti wina angam'chitire chipongwe mkulu wathu pomuika m'gulu limodzi ndi otsutsa amtundu wina, aja osadziwa nyengo, amene amadzudzula wamphamvu iye ali pomwepo akumva. Ufulu wa 1964 utafika, ndipo omasula ena atasanduka omanga anzawo, adalipo anthu otere. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adapezeka atafa mu Meyi 1983 pa msewu wa ku Thambani, m'boma la Mwanza, limene masiku amenewo Neno idali mbali yake. Adati ndi ngozi ya galimoto, kufikira bungwe lofufuza la mu 1994 lidaulula kuti adachita kuphedwa. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mkazi wake Vera adakhala m'ndende zaka zoposa 11. Maepiskopi a Katolika adalemba kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, natukwanidwa ndi kuopsezedwa. Chakufwa Chihana adatsika ndege pa 6 Epulo chaka chomwecho akudziwa kuti unyolo ukumudikira pabwalo pomwepo. Amenewa kudzudzula kwawo kudali ntchito, ndipo adailipira ndi thupi lawo. Mkulu wathu sadachitepo zopusa zotere. Zaka zonsezo khadi la chipani lidali m'thumba la malaya, m'manja ankaomba pa nthawi yake, ndipo lilime lake lidagona tulo tofa nato. Koma mkuntho utapita lidadzuka lamphamvu, natiululira kuti iye ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, ndi kuti akadafunsidwa iye, zinthu zikadasintha kale.

Ulemerero wachitatu ndi kudzichepetsa kwake polandira. Munthu wonyada akadakana kudya za m'munda umene adaunyoza polima. Koma mkulu wathu alibe mtima wotero. Pa 14 Juni 1993, Amalawi atasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi, iye adali woyamba kuyesa ufulu wolankhula, ndipo kufikira lero sadaupumitse. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene iletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, chuma, kapena chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna, imam'teteza iye monga iteteza amasiye a anthu amene adaifera. Mwana wake amalowa m'sitolo pakhomo, osagulira pawindo. Mdzukulu wake wamkazi amavala buluku popanda womugwira. Akale adanena kuti chitsiru chidaomba ng'oma, wochenjera navina. Ndipo ndani angakane kuti pa gule ameneyu mkulu wathu ndiye katswiri?

Ndipo ntchito yake siinathe, pakuti opusa oomba ng'oma akadalipo. Neno idakhala boma palokha mu 2003, ndipo kwa zaka zambiri dzina lake linkamveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala ngati boma lopanda msewu wa phula wofika pa likulu lake, ngakhale anthu ake amakhoma msonkho monga akhomera a ku Blantyre, ndipo manachesi, mbatatesi ndi tirigu wawo amadyetsa a m'tauni. Alipo amene adaona kuti kufanana pamaso pa lamulo kuli chabe ngati mayi wapakati wa kumapiri sangafike kuchipatala mvula ikagwa, nayamba kulemba madandaulo ndi kukumbutsa olonjeza malonjezo awo. Mkulu wathu amawatcha osowa chochita. Kuyambira mu 2007, pamene a Partners In Health, odziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, adayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino, alipo anthu a m'midzi mwathu momwemu amene amayenda khomo ndi khomo, kukumbutsa odwala kumwa mankhwala ndi kuperekeza ofooka kuchipatala. Mkulu wathu amati akungofuna ndalama ndi njinga. Mu 2017 malamulo aakulu atakonzedwa kuti mwana wosafika zaka 18 asalowe m'banja, alipo amayi ndi mafumu amene amakatenga atsikana ku maukwati nawabwezera kusukulu. Mkulu wathu amati akupasula mabanja a eni. Taonani khama lake: palibe chabwino chimene chidachitika m'dera lino iye osachipezera banga.

Chimene chindiwawa mtima ndi kusayamika kwa dziko. Tulutsani ndalama m'thumba muone: pa K50 pali Inkosi Gomani II, pa K100 pali James Sangala, pa K200 pali Rose Chibambo, pa K500 pali John Chilembwe. Onsewa ndi anthu amene mkulu wathu adawayesa nawapeza olakwa, ndipo zolakwa adali nazodi, pakuti woyenda ndiye apunthwa. Komabe nkhope zawo ndizo iye amapereka pogula fodya ndi shuga, pamene yake, yosalala, yopanda chipsera, palibe adaiganizira ngakhale pa kandalama kachitsulo. Tsiku lokumbukira Chilembwe lilipo pa 15 Januwale, la ofera dziko lilipo pa 3 Malichi, koma tsiku la opinda manja m'kalendala mulibe. Mwina nkutheka kuti akuluakulu adaona kuti munthu wopuma chaka chonse safunikanso tsiku lapadera lopumula.

Chotero, abale anga a ku Ligowe ndi inu nonse awerengi, mukakumana naye mkuluyu mum'patse moni waulemu, mumvere chigamulo chake mpaka amalize, pakuti nthawi zina ngakhale iye amalasa choona, ndipo wogwira ntchito wanzeru amatola nzeru paliponse. Koma akatha kulankhula mum'funse mofatsa kuti, "Nanga inu, gogo, mugwira mbali iti?" Ndipo ana anu musawasiye kuti aphunzire ntchito yake, chifukwa olowa ufumu wake ndi ochuluka kale, pamene ufulu wolembedwa pa ndime 20 sunafike pakhomo la mlimi wa kumapiri, la mtsikana wosiyitsidwa sukulu, la munthu wolumala ndi la mwana wachialubino. Ufulu umenewu suyenda wokha, umachita kusenzedwa. Ndipo osenza akusowa.