Walira Kapinga Walira Tupa

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Ponena mawuwa ankaganiza za mlimi amene wathera mwezi wonse akuyang'ana kumwamba, koma mvula itagwa n'kuyamba kudandaula kuti njira ikuterera. Sankadziwa kuti kudzabadwa mbadwo wobzala udzu dala pakhomo, kuuthirira, kuugulira feteleza, ndipo ukakula bwino n'kulemba waganyu kuti audule.

M'boma lonse la Rumphi, kapinga ndiye mbewu yokhayo imene mwini wake amataya zokolola kudzala uku akumwetulira. Fodya wa ku Hewe ndi ku Bolero amakafika ku okushoni ku Mzuzu. Khofi wa m'mapiri a Phoka amabweza ndalama. Kapinga malipiro ake ndi mawu a mlendo akuti, "Adada, pakhomo pano mpabwino."

Agogo athu analibe mtolo umenewu. Bwalo linali la dothi loyera, losesedwa m'mamawa, kotero kuti njoka ikadutsa usiku inkasiya umboni. Udzu wometa unabwera ndi azungu a kumishoni ndi a kuboma, m'nthawi za a Robert Laws amene anakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894. Makina otchetchera anawapanga ndi Edwin Budding ku England mu 1830, atatengera nzeru pa makina osalaza nsalu m'fakitale. Lero aliyense amene wapuma pantchito n'kumanga nyumba ya malata ndi mpanda amafuna kuti pakhomo pake pafanane ndi pa Chelinda, ku Nyika.

Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo m'chigwa cha Henga, mwini kapinga amapempherera mvula kuposa mlimi wa chimanga. Chizimalupsa chimagwa, mvula yeniyeni n'kutsatira, udzu n'kudzuka. Matope ake amayambira pamenepo. Pakati pa bwalo lobiriwira pamatuluka zigamba zachikasu, ndipo woyamba kuganiziridwa amakhala mnansi uja anaima nthawi yaitali pachipata akuyamikira. Musanapite kwa sing'anga, gwadani pansi muufunse udzuwo, pakuti sudziwa kunama.

Gwirani chigamba chouma mukoke. Chikanyamuka chonse ngati mphasa, mizu palibe, ndipo pansi pake mupeza mbozi zoyera zonenepa, zopindika, zamutu wofiirira. Nkhuku za mnansi zimene mumazigenda chifukwa chopalasa pamenepo zinazindikira matendawa inu musanadziwe, ndipo zinayamba kale kuchiza popanda malipiro. Mukaona timisewu tadothi tokuta mapesi a udzu, ndi chiswe chimenecho, ndipo chimakonda pamene pali udzu wakufa wambiri wosapalidwa. Udzu ukadyeka masamba usiku umodzi n'kutsala zitsotso, funafunani ntchemberezandonda. Milu ya dothi yongodzuka m'mawa ndi ntchito ya mfuko, amene sapempha chilolezo chomangira kwa wina aliyense.

Milandu ina ndi ya m'nyumba momwemo. Chigamba chozungulira, chopsa pakati koma chobiriwira kwambiri m'mbali, mwini wake ndi galu wanu, ndipo pamenepo ndi pamene anasankha kukhala chimbudzi. Mankhwala ake ndi ndowa ya madzi, osati ndodo. Zigamba zofanana nazo zikakhala zambiri, funsani amene anatapa Urea wotsala kumunda n'kumwaza ndi dzanja lachifundo dothi lili louma. Fetelezayu ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse, ndipo akaunjikana malo amodzi amawotcha. Mzere wadazi wochokera kukhitchini kukafika pampopi si matenda ayi, ndi mapazi a banja lanu amene atsendera dothi mpaka mizu kusowa mpweya. Bayanibayani ndi foloko ya kudimba, kapena ingovomerezani kuti anthu asankha njira yawo, muyalepo miyala.

Koma wopalamula wamkulu, amene sagwidwa kawirikawiri, amagona m'nyumba yosungiramo katundu. Mukatchetcha Loweruka, pofika Lolemba bwalo lonse n'kuoneka lotuwa pamwamba, thyolani tsamba limodzi muyang'ane nsonga yake. Ikakhala yodulidwa bwino, vuto lili kwina. Ikakhala yonyenyeka, ili ndi ulusi wolendewera, mpeni wa makina anu ndi wobuntha. Sukudula, ukumenya. Tsamba long'ambika limataya madzi ambiri, limauma kunsonga, ndipo pabalapo ndi polowera matenda a chuku m'nyengo ya chinyezi. Mwini wake poona zimenezi amathamangira kukagula mankhwala opopera, pamene chofunika ndi tupa.

Kunola kwake sikufuna satifiketi, koma kuli ndi miyambo. Choyamba, zulani waya wa pulagi. Kupukusa mpeni ndi dzanja kungathe kudzutsa injini, ndipo makinawa sasiyanitsa udzu ndi chala cha bwana. Apendeketseni mbali ya sefa ya mpweya ili kumwamba, kuti oyilo asalowe kumene sanaitanidwe. Musanamasule mpeni, lembani chizindikiro kunsi kwake, chifukwa mpeni womangidwa chadodolido umazungulira mwaulemu wonse koma osadula kanthu. Ponola ndi tupa, tsatirani kupendekeka kumene unabwera nako, pafupifupi madigiri 30, ndipo musaufikitse pa lumo lometera ndevu, poti wothwa mopitirira umabenthuka ukangokumana ndi kamwala. Mukatha, ukolekeni pa msomali wa pakhoma kudzera pabowo lapakati. Mbali imene yatsika ndiyo yolemera, ipaleninso kufikira ziwirizo zitalingana. Mpeni wolemera mbali imodzi umanjenjemeretsa makina mpaka mabawuti kuyamba kutsanzika.

Ena amautengera kwa anyamata owotcherera zitsulo pa Boma kuti aupale ndi makina amagetsi. Palibe cholakwa, bola muimirire pomwepo. Chitsulo chikasanduka chabuluu ndiye kuti chapsa, chafewa, ndipo chibuntha msanga kuposa kale. Mpeni ukachita mng'alu, musalole mawu okoma aja akuti "tiwotcherera, mdala, ukhala ngati watsopano." Chitsulo chozungulira kokwana pafupifupi 3,000 pa mphindi chikaduka sichisankha kopita. Gulani wina. Ndipo musanalize injini, tumani ana atole miyala, mafupa a galu ndi zitsekerero za mabotolo. Dothi la kuno silisowa miyala, ndipo galasi la zenera ndi lodula kuposa masiwiti olipira ana.

Dzanja la wotchetcha nalonso lili ndi mlandu. Petulo akamavuta kupeza, ndipo munthu wafola pamzere kuti amugule, amatsitsa makina mpaka pansi kuti amete mpala, asadzabwerezenso mwezi uno. Udzu umafuna kuchotsedwa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a msinkhu wake. Mukaumeta mpala, dzuwa limafika padothi, chisoso ndi khovani n'kupeza malo. Kutchetcha udzu wonyowa nako kumangomata phala kunsi kwa makina, dzimbiri n'kuyamba ntchito.

Tsono pali matope ena amene sabwera ndi mitambo. Mukangogula makina, mudzi wonse umadziwa, chifukwa phokoso lake silibisika. Kutchalitchi kukubwera alendo, kusukulu kuli mpira, kwa alamu kuli ukwati. Simungakane, inunso mudzafuna anthu pa maliro. Makolo omwe aja anachenjeza kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo makina amabwerako madzulo ali pa wilibala, wobwereka akuti, "Angozima okha, adada." Mpeni wake mukauona, mumadziwa kuti wakambirana ndi chitsa cha mthethe, ndipo chitsa ndicho chapambana.

Amene atsalira pa chikwakwa asaseke. Aliyense amene anachedwapo kusukulu akudziwa kuti chikwakwa chosanola chimagoneka udzu pansi, mawa lake n'kudzukanso pamaso pa aphunzitsi. Kusiyana kwake n'kwakuti chikwakwa chimamwa phala la wotchetcha, osati petulo.

Bwalo lokongola koposa m'boma lino lili pamwamba pa Nyika, paki yoposa masikweya kilomita 3,000 imene inakhazikitsidwa mu 1965. Kumeneko otchetcha ndi mbidzi, ntchefu ndi achilembwe, mothandizidwa ndi moto umene oyang'anira pakiyo amayatsa udzu usanaumitsitse. Mano a mbidzi amanka natuluka pamene akuperepeseka, choncho sipafunika tupa. Anthu ena ataona zimenezi amaganiza zotengera nzeruyi kunyumba, n'kugula mbuzi. Mbuzi sifuna pulagi, imathira manyowa ikugwira ntchito, ndipo pa Khirisimasi imasanduka ndiwo, zimene makina sanachitepo. Koma mbuzi siidziwa malire a kapinga. Imayamba ndi maluwa a mayi a kunyumba, kenaka malaya a pachingwe, n'kumalizira chimanga cha mnansi chimene changofika m'mawondo. Mukamadzakhala pansi pa mtengo kwa a nyakwawa, mbuzi ili pachingwe ngati mboni, mudzawerengera nokha kuti chindapusacho chikanagula matupa angati.