Loya wa masikono

Munthu aliyense ali ndi mphatso yake. Ena amaimba kwaya, ena amakonza wailesi, ena amatha kubwereka ndalama kwa munthu yemwe sanamubwezere za chaka chatha. Ine mphatso yanga ndi yoikira kumbuyo zakudya za m'bekale. Mundipatse sikono, banzi kapena kakeke kovala chisoti cha kirimu, ndikupezerani zifukwa zoti n'chakudya chopatsa thanzi, ndipo ndizinena ndi nkhope ya munthu woti anapitira kusukulu zimenezi.

Ntchitoyi sindinachite kufunsira. Siteji yomwe ndimakwerera minibasi inayandikana ndi bekale, ndipo eni ake amatulutsa zinthu mu uvuni nthawi yeniyeni imene anthu akuweruka. Umalowa ndi mtima wogula buledi mmodzi wa ana, umatuluka ndi majumbo awiri: ina yokafika nayo kunyumba, ina yothera m'njira. Ya m'njirayo siilowa mu bajeti chifukwa ilibe mboni.

Alangizi a zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa kuti tsiku lililonse tizidya magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Anzanga akamva zimenezi amayamba kudandaula za mitengo ya kumsika. Ine ndinakhala pansi, keke ili m'manja, n'kupeza kuti magulu onsewo ali momwemo. Ufa wa tirigu, zokhutitsa. Dzira ndi mkaka, zanyama. Majarini, zamafuta, ndipo gulu limeneli ndinakhoza popanda kubera. Kamphesa kouma kamodzi kamene kanasochera pakona, chipatso. Tizidutswa ta mtedza towaza pamwamba, zanyemba. Masamba okha ndiwo anandivuta, mpaka ndinakumbukira kuti shuga amachokera ku nzimbe, ndipo aliyense amene anadutsapo ku Nchalo kapena ku Dwangwa angachitire umboni kuti nzimbe zili ndi masamba ambirimbiri. Komanso keke ndimamwera tiyi, yemwe ndi masamba enieni a ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Mayi a kunyumba anamvetsera zonsezi akusenda mbatata, osandidula mawu. Nditamaliza anafunsa funso limodzi: "Bambo a ana, dzira limodzi logawana makeke khumi ndi awiri, inu mukuliyesa ndiwo?"

Kenako anandilowetsa m'kalasi. Njere ya tirigu ili ndi magawo atatu: khungu lakunja, kamtima, ndi ufa wa m'kati. Opera ufa woyera amachotsa khungu ndi kamtimako, chifukwa kamtimako kali ndi mafuta omwe amawonongetsa ufa msanga, ndiponso ogula timafuna zoyera ndi zofewa. Koma m'zochotsedwazo ndi momwe muli mavitamini ambiri a B, ayironi, ndi timinyewa tothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. N'chimodzimodzi ndi kuchigayo: tikakonola chimanga, gaga timapatsa nkhumba, ife n'kutsala ndi ufa woyera wonyadira pamaso pa alendo, mgaiwa tikuuyesa wa anthu ovutika. Apa ndinazindikira kuti nkhumba ya mlamu wanga ikudya mwanzeru kuposa ine, ngakhale ine ndili ndi tayi.

Loya wabwino sagonja pa mboni yoyamba. Ndinatulutsa pepala lina. Dziko lino lili ndi lamulo loti zakudya zina zopangidwa kufakitale aziwonjezeramo michere, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene amayang'anira zimenezi. Mu shuga amaikamo vitamini A, ntchito yomwe inayamba mu 2012. M'mafuta ophikira namonso muli vitamini A. Mu ufa wa tirigu amabwezeramo ayironi, zinki ndi mavitamini ena. Mumchere muli ayodini. Tsono taganizirani madonasi: ufa wa ayironi, wokazingidwa m'mafuta a vitamini A, n'kuugubuduzanso mu shuga wa vitamini A. Ndinati awa si madonasi, awa ndi mankhwala a boma, kungoti akusowa namwino wotilembera kuti katatu pa tsiku.

Mayi anati boma linachita zimenezo kuti mwana amene amangolawa kashuga pang'ono m'phala apezepo kanthu, osati kuti bambo wa ndevu zake azitsatira vitamini ndi fosholo. Anati ngati vitamini A ndikumufunadi, ali mu mbatata yofiira m'kati imene ali kusendayo, mu mango, mu papaya, m'maungu ndi mu bonongwe yemwe ndimamuponda kuseri kwa nyumba.

Masamu ndiwo anandipweteka kwambiri. Mu 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza kuti munthu wamkulu asamapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wowonjezera pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo linati atatsika n'kufika pa masupuni 6 zingakhale bwino koposa. Tiyi wanga wam'mawa amadya masupuni anayi, osefukira, chifukwa ndinaleredwa m'nyumba yomwe tiyi wosamva shuga ankatanthauza kuti bambo achotsedwa ntchito. Botolo la chakumwa chozizira la 300 ml limatha kunyamula masupuni pafupifupi 8. Ndiye kuti ikamakwana nthawi ya nkhomaliro, gawo langa la tsikulo ndamaliza kale. Keke ya madzulo ija ndimadya shuga wa mawa. Pa liwiro limeneli, pofika Lachisanu ndimakhala ndili pakati pa sabata yamawa, ndipo katapila wake sakhululuka.

Mafuta nawo ali ndi masamu awo. Galamu imodzi ya shuga kapena ufa imapereka makalori 4, pomwe ya mafuta imapereka 9. N'chifukwa chake kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja kamatha kunyamula mphamvu zoti munthu alimire mizere ingapo. Ine sindilima. Ndimakhala pampando, ndipo ntchito yolemetsa imene ndimagwira ndi kukankha chitseko cha minibasi. Mphamvu zotsalazo thupi silitaya, limazisunga kutsogolo kuno, pamene lamba amadutsa. Umboni wa mafutawo suvuta: kulungani donasi m'nyuzipepala, pakapita kanthawi mutha kuwerenga nkhani ya tsamba lakuseri osatembenuza. Palinso mafuta ena olimbitsidwa kufakitale, omwe ophika ambiri padziko akhala akuwakonda chifukwa ndi otchipa ndipo zinthu sizionongeka msanga. Amenewo amathandizira kutseka mitsempha ya magazi, moti mu 2018 a WHO anapempha maiko onse kuti awachotse m'zakudya. Mchere nawo umabisala mu buledi ndi m'mabanzi ngakhale lilime likumva kutsekemera, chonsecho malire ake ndi magalamu 5 pa tsiku, osadzaza n'komwe supuni yaing'ono.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ndi mphamvu zonsezo, zinthuzi sizikhala m'mimba. Ufa woyera ndi shuga zimalowa m'magazi mothamanga, kenako zimakusiya pamsewu. Ndikadya masikono m'mawa, ikamati 10 koloko m'mimba mwayamba kale msonkhano. Mlonda wa kuntchito kwathu amadya futali kapena chinangwa chophika m'mamawa, ndipo amafika masana akuimba mluzu. Ine wa zakudya za m'galasi ndimakhala ndikuyasamula, maso ali pa wotchi.

Mabisiketi a m'paketi ali ndi ubwino umodzi: amaulula machimo awo kuseri. Mndandanda wa zimene aikamo umayamba ndi chochuluka kwambiri, n'kumatsika. Muwerenge mayina atatu oyamba, kawirikawiri mupeza ufa, shuga ndi mafuta, pomwe sitiroberi wojambulidwa bwino kutsogolo uja ali kumapeto, ndipo nthawi zina ndi fungo lake lokha limene linabwera. Koma kakeke ka m'galasi la m'bekale kalibe chiphaso chilichonse. Ndinafunsapo mtsikana wogulitsa kuti m'kakeke kapinki muli chiyani. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Muli kukoma, bambo. Ndikuikireni tingati?" Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anatichenjeza kalekale, koma iwo sankadutsa pa bekale nthawi yoweruka.

Kunena zoona, ambirife m'bekale sitigulamo thanzi, timagulamo ulemu. Mwamuna wolowa m'mudzi atanyamula buledi ndi paketi ya shuga amalandiridwa ndi manja awiri. Wobwera ndi mbatata amafunsidwa ngati kutauni zinthu zili bwino. Pa msonkhano wa ku ofesi mutaika chikondamoyo kapena chigumu patebulo, anthu anganong'onezane kuti kampani ikugwa. Tikapita kukaona wodwala timanyamula mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, osafunsa n'komwe kuti akudwala chiyani, mwina ndi shuga yemweyo. Banzi lalikulu tinafika polipatsa dzina la Obama. Sindinamvepo chinangwa chikutchedwa dzina la pulezidenti. Ndipo mimba ikayamba kutsogola, kumudzi amakuombera m'manja: "Koma ndiye mwanenepatu, zikuyenda!" Ine mawu amenewo ndakhala ndikuwalandira ngati digiri.

Chonsecho kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno, mmodzi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Pa benchi ya kuchipatala tinakhala atatu. Ndinayang'ana wa kumanja, ndinayang'ana wa kumanzere, onse owonda bwinobwino. Namwino atandimanga lamba uja pamkono, anawerenga nambala, n'kuyambiranso. Ndinamufotokozera kuti ndi chifukwa chokwera masitepe. "Abambo," anatero, "chipatala chino chilibe masitepe." Anandifunsa zimene ndimadya. Ndinayamba kumulongosolera za magulu asanu ndi limodzi a mu keke, koma nditafika pa masamba a nzimbe anaitana mnzake kuti adzamve nawo.

Chigamulo chinaperekedwa kunyumba, ndipo woweruza ndi yemwe uja wosenda mbatata. M'mawa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata, kapena chinangwa. Tiyi watsika kufika pa supuni imodzi, yosalaza ndi chala. Chenji cha minibasi chikumawerengedwa pakhomo. Keke sinaletsedwe, pakuti woweruzayo ndi wachifundo. Anati chinthu chotsekemera si poizoni, vuto ndi kuchisandutsa nsima. Choncho keke ndi ya pa chisangalalo basi, makamaka pa ukwati.

Mfundo yomalizayi ndaiwerenga mosamala monga loya, ndipo sinatchule kuti ukwati wa ndani. Masiku ano kutchalitchi akamalengeza maukwati ndimakhala kutsogolo ndi cholembera. Ndatulukira achibale amene ngakhale agogo sankawadziwa. Vuto ndi lakuti keke ya paukwati simaidya ulere: uyambe waponya ya perekaniperekani, uvine mpaka thukuta, kenako ugule kagawo kopyapyala koti mphepo itha kukulanda, pa mtengo wa masikono a sabata yathunthu. Mayi akuti dongosololi likuyenda bwino, chifukwa kuvinako ndi masewera olimbitsa thupi ndipo m'thumba simukutsala ya kubekale. Ine apilo ndapanga kale, ikudikira tsiku. Pakadali pano, amene muli ndi ukwati Loweruka likudzali, kaya ndi kuchimuna kaya kuchikazi, dziwani kuti malume alipo, suti ali nayo, ndipo amakhala pafupi ndi tebulo la keke.