Akatswiri a tiyi

Pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo, yomwe inayamba mu 1923, pali anthu amene amalipidwa pochita zomwe amayi ankatikalipira: kumwa tiyi mwaphokoso, ndi sipuni, kenaka n'kulavula. Tsoka lake, khalidweli limafika kunyumba. Bambo wina amanunkhiza kaye masamba, kudikira mphindi 4 maso ali pa wotchi, n'kulemba m'kakope kuti wa lero akumveka chiperoni. Shuga ayi, mkaka ayi. Kukabwera alendo, ana amathawira kukhitchini ndi manyazi.

Kaya anthuwa amavutikiranji. Ife akatswiri enieni timathira masipuni 5 a shuga, mkaka wambiri, n'kuviikamo mandasi mpaka mafuta ayandame. Tikatero timagwedeza mutu, n'kunena kuti tiyi wa ku Thyolo timamudziwa ndi kakomedwe kake.