Mlandu wa Tambala wa Aneba

Ntchito itandithera ku Limbe, ndinaganiza zoyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba yathu ku Machinjiri. Za broila sindinazifune, chifukwa aliyense akuweta zomwezo ndipo zimadya ndalama usana ndi usiku. Ine ndinkafuna bizinesi ya munthu wopita kusukulu. Wogulitsa nkhuku wina pamsika wa Ndirande anali atandinong'oneza kuti pali anthu amene amasakasaka kansilanga woyera, nkhuku ija ya nthenga zotembenukira kumutu, ndipo akampeza amalipira mtengo wa nkhuku zitatu osanenerera. Sindinafunse kuti amakatani naye. Pali mafunso ena amene munthu wa mpingo safunsa.

Tambala ndinakampeza ku Chiradzulu, woyera, wa timadontho takuda apo ndi apo, nthenga zonse zili njo! Mwini wake, nkhalamba yokonda kucheza, anandiyalira mbiri yonse: tate wake anali kansilanga wakuda bii wa pamudzi pomwepo, make inali nkhuku yoyera yachizungu ya nthenga zosalala, imene inapulumuka mpeni pa Khirisimasi. Ndinkangogwedeza mutu uku ndikuwerenga ndalama. Mathadzi ndinagula akuda a Mikolongwe, a Black Australorp aja oikira kwambiri, ndipo ndinapezanso nkhuku zachikuda zoti zizifungatira mazira.

Kenako ndinachita masamu kuseri kwa kalendala. Biology ya Fomu 4 ndinkaikumbukira bwino, makamaka za Gregor Mendel ndi nsawawa zake, amene mu 1866 anasindikiza malamulo a mmene chibadwa chimayendera. Kuyera kwa tambala wangayu kumaphimba kuda, ndipo kupotana kwa nthenga kumaphimba kusalala. Popeza iye anatenga mbali zonse ziwiri kwa makolo ake, theka la anapiye lidzakhala loyera, ndipo theka la oyerawo adzakhala akansilanga. Mwa anayi alionse, mmodzi ndi ndalama. Ndinaonetsa mayi a kunyumba kabokosi kamene ndinajambula, iwo nakatenga ngongole ku banki m'khonde yogulira waya ndi chakudya. Ndinalandiriratunso ndalama kwa wa ku Ndirande uja. Ndinafika pomagula Fanta mkati mwa sabata.

Mazira ankaswa pakatha masiku 21, monga mwa nthawi zonse. Koma kansilanga sadziwika bwino pa tsiku loswa, umadikira kuti nthenga zenizeni zimere. Zitamera, ndinakhala pa njerwa n'kuyamba kuwerenga. Mwa anapiye 48 amene anapulumuka kwa akabawi, ndinkayembekezera akansilanga oyera 12. Ndinapeza anayi okha. Oyera osalala analipo 21, akansilanga akuda 19, akuda osalala anayi. Ndinawerenganso nditavala magalasi a mayi, koma chiwerengero sichinasinthe.

Mendel sakanalakwa, ndipo kalendala yanga sikanalakwa. Ndiye kuti panali wina amene ankalowerera. Aneba athu, bambo achikulire opuma pantchito ya uphunzitsi, anali ndi tambala wakuda wosalala, wamwano, amene ankakonda kuima pamwamba pa mpanda wathu n'kumasuzumira mathadzi anga. Madzulo ena ndinamutchera ndi madeya, n'kumugwira, n'kumumanga miyendo ndi chingwe, n'kumutsekera m'bafa. Cholinga chinali choti kukacha ndikamuonetse kwa mfumu ngati umboni.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti tambala salira ndi miyendo. Mbandakucha analira m'bafa muja, malata n'kukweza mawu ake kuti amveke mpaka kumsewu. Aneba, amene anagona mochedwa akumufunafuna ndi tochi, anawazindikira mawuwo. Pamene ndimatuluka nditakulunga chitenje cha mayi m'chiuno, pakhomo panali patadzaza kale, ndipo mwana wina anali atayamba kufuula kuti wakuba nkhuku wapezeka.

Kubwalo kwa mfumu ndinapita ndi mboni yanga. Mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene akuphunzira za ziweto ku Bunda, anali kwathu patchuthi, ndipo ndinkadziwa kuti akangotsegula pakamwa aneba adzathawa okha. Ndinayala kalendala pansi, ndinafotokoza za mmodzi mwa anayi, ndinaloza tambala womangidwayo. Kenako ndinati, "Lankhula mwana wanga, awuze."

Anayamba ndi kugwada, monga mwana woleredwa bwino. "Pepani amalume," iye anatero, "tambala wa agogowa ndi wakuda ndiponso wosalala, mathadzi anu ndi akudanso osalala. Mwanapiye woyera kuyera angakutenge kuti ngati si kwa tambala wanu? Wopotana nthenga naye angakutenge kuti? Anapiye amene mungawakayikire ndi anayi akuda osalala aja basi, ndipo ngakhale amenewo akhoza kukhala a tambala wanu yemwe."

Anthu anayamba kuseka. Ine ndinamuyang'ana ndi diso lomuuza kuti akhale pansi, koma mfumu inali itachita chidwi, ndipo inamuuza kuti apitirize, afotokoze chimene chasokoneza masamu a malume ake.

Zimene ananena pabwalo paja ndakhala ndikuzibwereza m'mutu usiku uliwonse, choncho nditha kuzifotokoza. Timalangizo ta chibadwa, totchedwa majini, sitimwazikana m'thupi chisawawa. Timakhala motsatizana pa tinthu totchedwa makromozomu, ngati mikanda pa ulusi. Munthu ali ndi mapeyala 23 a makromozomu, nkhuku ili ndi 39, ndipo pa peyala iliyonse ulusi umodzi ndi wochokera kwa tate, wina kwa make. Kholo likamapereka chibadwa kwa mwana, silitola mkanda umodziumodzi, limapereka ulusi. Lamulo la Mendel loti makhalidwe awiri amayenda payekhapayekha limagwira ntchito ngati majini ake ali pa makromozomu osiyana, kapena ali motalikirana kwambiri pa kromozomu imodzi. Akakhala moyandikana, amayendera limodzi. Ndipo tsoka langa linali lakuti jini ya kuyera kotere ndi jini ya ukansilanga zili pa kromozomu imodzi ya nkhuku, pamodzi ndi jini ya tsumba.

Apa mpamene mbiri ija ya nkhalamba ya ku Chiradzulu inandibwerera. Tambala wanga ankaoneka woyera ndi wopotana, inde, koma ziwirizo anazitenga kumbali zosiyana. Ulusi wa make unali ndi kuyera ndi kusalala. Ulusi wa tate wake unali ndi kuda ndi kupotana. Mwanapiye aliyense ankalandira umodzi mwa awiriwo, n'chifukwa chake khola linadzaza ndi oyera osalala ndi akansilanga akuda. Ndinkaganiza kuti ndikuweta ana a tambala wanga, pamene ndinkangoukitsa makolo ake.

Mfumu inafunsa funso limene ine ndinayenera kufunsa: nanga akansilanga oyera anayi aja anachokera kuti? Mtsikanayo anati pamene mbewu ya tambala ikupangidwa, maulusi awiri aja amagundana, n'kuduka pamalo ofanana, n'kusinthana zidutswa. Kudukako kukachitikira pakati pa majini awiriwo, kuyera ndi kupotana zimapezeka pa ulusi umodzi. Koma majini akayandikana, mpata woti ulusi udukire pakati pawo umachepa. Pa awiriwa zimachitika pafupifupi ka 17 pa 100, monga zilili pa mapu a majini a nkhuku amene F. B. Hutt wa ku Cornell anaika m'buku lake la 1949, ndipo theka lokha la zosinthanazo ndilo limatulutsa woyera wopotana. Ndiye kuti anapiye 8 kapena 9 pa 100, osati 25 amene ndinalandirira ndalama za eni.

Pambuyo pake, kunyumba, anandiuza kuti sindine woyamba kudabwa. William Bateson, Edith Saunders ndi Reginald Punnett anaona zofananazo ku England cha m'ma 1905, pamene mtundu wa duwa ndi kaumbidwe ka mungu zinkakana kulekana m'mbewu zimene ankayesa. Amene anamasulira chifukwa chake ndi Thomas Hunt Morgan wa ku Columbia University ku New York mu 1911, poweta tintchentche ta pa zipatso, ndipo wophunzira wake Alfred Sturtevant anagwiritsa ntchito kuchuluka kwa kusinthanaku kujambula mapu oyamba a majini, amene anatuluka mu 1913. Ananditonthoza ndithu. Kungoti palibe mmodzi wa iwo amene anatsekera tambala wa eni m'bafa, ndipo Punnett ameneyu ndi mwini wa kabokosi komwe kaja kamene ndinajambula pa kalendala. Zimenezo aphunzitsi athu a Fomu 4 sanafikepo, kapena anafikapo tsiku limene ndinathawa kukaonera mpira.

Chigamulo chinali chapafupi: ndimasule tambala, ndipepese, ndipereke nkhuku imodzi ya chindapusa. Pofuna kupulumutsa kaulemu kamene kanatsala, ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, "Bambo, lowani m'khola musankhe nokha imene mukufuna." Mtsikana uja anandikoka malaya. "Amalume, perekani iliyonse, koma osati katambala koyera kaja." Ndinamuchotsa dzanja. Anali atandichititsa kale manyazi okwanira tsiku limodzi.

Mwa akansilanga oyera anayi aja, atatu anali misoti, ndipo wa ku Ndirande anaitenga yonse pa ngongole yake, n'kunenanso kuti sinakwane. Katambala kanali kamodzi. Aneba, mphunzitsi wakale amene anamvetsera phunziro lonse ali chete, anakaloza ndi ndodo osayang'ananso zina.

Mwa katambala kameneko kuyera ndi kupotana zinali zitakhala kale pa ulusi umodzi, ndipo kuyandikana komwe kuja kumene kunkazilekanitsa kwa ine tsopano kunkazigwirizira pamodzi. Katakula, aneba anakaika ndi mathadzi akuda. Mwa anapiye khumi alionse, pafupifupi anayi amatuluka akansilanga oyera. Wa ku Ndirande uja masiku ano amadutsa pakhomo pathu, n'kundipatsa moni waulemu, n'kukagogoda geti lotsatira.

Mwezi watha, mayi a kunyumba atabwera ku banki m'khonde osandilankhula, ndinadzichepetsa n'kupita kukapempha kuti andibwereke tambalayo kwa sabata imodzi. Aneba anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi thobwa. Anati palibe vuto, bola ndilipiriretu mtengo wa nkhuku ziwiri, ndiponso abwere kaye adzaone okha malo amene tambalayo azigona.